Kutsekedwa kwa Mkombaphala wa Anakwenda

Ufumu wa Zachitikakale uli pakati pa mapiri awiri, la Tionamawa ndi la Sizikundikhudza. Ndi dziko lokonda ana kwambiri. Palibe nduna imene imatsiriza kulankhula osatchula ana, ndipo pakhomo la nyumba yachifumu pali chipilala cha mwana womwetulira chimene chimatsukidwa ndi madzi ofunda m'mawa uliwonse. Ana enieni, oyenda ndi kulira aja, nduna zambiri zimangomva kuti aliko.

Tsiku lina Mfumu Ndanenakale Wachiwiri ikudutsa pamsika wa Ndangodutsa, galimoto yake inaima pang'ono chifukwa cha mbuzi. Pa kanthawi kochepako Mfumu inasuzumira pawindo, n'kuona kamwana kataima m'mphepete mwa msewu, kakuibayibitsa, mamina ali lendee mpaka pamlomo.

Masana omwewo Bwalo la Nduna linakhala.

"Ndaona mamina," inatero Mfumu. "Ndi a unduna uti?"

Onse anayang'ana pansi. Koma zitadziwika kuti Mfumu sikufuna munthu womuchotsa ntchito, ikufuna woima naye pafupi pachithunzi cha Tsiku la Ana, nduna zitatu zinadzuka nthawi imodzi. Nduna ya Ukhondo inati mamina ndi madzi otuluka m'thupi, choncho ndi ake. Nduna ya Chitetezo cha Ana inati mwanayo anali pamsewu, ndiye mwana ndi mamina omwe ndi ake. Nduna ya Maphunziro a Alezi inati vuto si mphuno, vuto ndi munthu amene anayenera kuipukuta: kodi anaphunzira kuti?

Mfumu, posafuna kukhumudwitsa aliyense, inalola kuti iliyonse ipange lamulo limodzi. Nduna zitatuzi sizinkalankhulana chichokereni kumaliro ena komwe ina inakhala pampando wa inzake, motero iliyonse inakapanga lamulo lake m'chipinda chake, chitseko chitatsekedwa.

Lamulo loyamba linati mlezi asanagwire mwana aliyense, asambe m'manja pa mpondagiya, kachigubu kopachika kaja kamene umaponda kamtengo pansi madzi n'kutsika; ndipo pofuna kuti ana asasewere ndi matope, mpondagiya akhale kunja kwa mpanda. Lachiwiri linati mlezi asatuluke mumpanda muli mwana ngakhale mmodzi, ndipo mwana asatuluke popanda kholo lake. Lachitatu linati mlezi ndi yekhayo amene ali ndi satifiketi, ndipo maphunziro ake adzachitikira kulikulu, mumzinda wa Bweranimawa, kwa okhawo amene sanaphwanyepo malamulo awiri enawo.

Wokonda ndagi ayese yekha. Kuti mugwire mwana muyenera kusamba. Kuti musambe muyenera kutuluka. Mukatuluka mwaphwanya lachiwiri, mukagwira osatuluka mwaphwanya loyamba, ndipo mukaphwanya lililonse sakulandirani kumaphunziro, amene ngakhale akanakulandirani simukanapitako, poti nawo ali kunja kwa mpanda. Mlezi wosunga malamulo onse atatu ndi munthu woima pakati pa bwalo manja ali m'mwamba.

Malamulowo anafika pamsika wa Ndangodutsa pa lole ya chimkuzamawu.

"Akuti chiyani?" anafunsa mayi wogulitsa makala, yemwe khutu lina linamuthera kuchigayo.

"Akuti ana azileredwa ndi maso basi, osawakhudza," anayankha amake Tiyese, ogulitsa tomato.

"Ndiye bambo a kunyumba kwathu anali patsogolo pa boma. Akhala akulera choncho kuyambira kale."

Anaseka, koma maso a onse anatembenukira kuseri kwa msika, kumene kunali mpanda wabango, mtengo wa mango ndi kanyumba ka Anakwenda. Kumeneko ndi kumene amayi amsika ankasiya ana m'mawa. Anakwenda anali mayi wachikulire, wathupi, wa mawu ofika mpaka kumabucha. Ankaphikira anawo phala, kuwaimbitsa, kuwagoneka pamphasa dzuwa likatentha, ndipo mwana akayamba kudwala iwo ndiwo ankayamba kudziwa, amake asanadziwe. Mpandawo usanakhalepo, ana ankakulira pansi pa mabenchi, pakati pa matayala a kabaza ndi mafuta owira a pachiwaya, ndipo zipsera zake ena akuyenda nazo mpaka lero. Satifiketi Anakwenda analibe. Atamva malamulo aja anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kutakasa phala.

Sipanapite nthawi yaitali, kunabwera woyendera alezi, Bambo Jelasi Mkwapatira. Anali munthu wophunzira kwambiri za ana. Anaphunzirira kunja kwa dziko, pa chidole chapulasitiki chotseka maso ukachigoneka, ndipo pa zaka zonse za maphunziro awo chidolecho sichinadwalepo n'kamodzi komwe. Anabwera ndi Kopolo Dzoole, msilikali wodziwika kuti lamulo salitanthauzira, amangolisunga. Kopolo anaima pachipata, Bambo Mkwapatira n'kulowa opanda odi.

"Takulandirani, bambo," anatero Anakwenda, mwana wina ali kumsana, wina akumupukuta mphuno. "Wanu ndi uti?"

"Ine ndilibe mwana. Ndine woyendera alezi. Mwasamba m'manja musanagwire ameneyo?"

"Ndasamba. Beseni ilo."

"Beseni si mpondagiya. Mpondagiya ali kuti?"

"Ali panja, momwe munanenera."

"Ndiye munatuluka."

"Sindinatuluke."

"Ndiye simunasambe."

"Bambo, sopo uyo. Tanunkhizani."

"Mwasamba mosavomerezeka, mayi. Pamaso pa boma, manja anuwo ndi akuda. Satifiketi ili kuti?"

Anakwenda anati alibe. Bambo Mkwapatira anakonza tayi, n'kulengeza mokweza, kuti ndi ana omwe amve, kuti mkombaphala watsekedwa, ndipo Anakwenda atuluke mumpanda nthawi yomweyo.

"Nyumba yanga ili momwe muno."

"Mudzalowa ana akatha."

"Nanga uyu?" Analoza kumsana.

Kumsanako kunali Ziliro, kamtsikana ka zaka ziwiri. Amake anali kuchidikiro, kuchipatala chakutali, akuyembekezera kuchira. Bambo ake anapita kukafuna ntchito kuseri kwa phiri la Sizikundikhudza, komwe anthu sabwerako msanga. Ziliro ankadya, kusamba ndi kugona kwa Anakwenda.

"Ndinu kholo lake?"

"Ayi, koma..."

"Mutsitseni."

Anakwenda anamasula chitenje, n'kumukhazika Ziliro pamphasa. Anatuluka cham'mbuyo, akumuuza kuti akungopita apa, abwera pompano.

Bambo Mkwapatira anapana chikwama chawo m'khwapa, ntchito yatha, n'kulunjika pachipata. Anapeza ndodo ya Kopolo Dzoole itapingasa.

"Simutuluka, bwana."

"Wapenga, Dzoole?"

"Lamulo lachiwiri, bwana. Muli ana m'katimu."

"Limenelo ndi la alezi!"

"Satifiketi muli nayo, bwana?"

"Ndili nazo zambiri."

"Ndipo muli mumpanda. Ndiye mlezi ndinu. Ine ndikakulolani, omangidwa ndine."

Bambo Mkwapatira anakuwa kuti makolo abwere adzatenge ana awo. Amayi anabweradi, akupukuta manja m'zitenje, n'kuima kunja kwa mpanda mwaulemu wonse.

"Tamva kuti boma latitumizira mlezi wophunzira kunja," anatero amake Tiyese, atapinda mawondo. "Zikomo kwambiri, bwana, sitinayembekezere. Tiyese amakonda phala lozizirirako. Ndipo akayamba kuvinavina chonchi, musachedwe naye."

Anabwerera kumabenchi awo.

Dzuwa lisanafike pamutu, Bambo Mkwapatira anali atadziwa tanthauzo la kuvinavina, ndipo nsapato yawo yakumanzere inadziwanso. Ana anawazungulira. Wina anawakoka tayi, wina anafuna kudziwa chifukwa chake ali ndi tsitsi m'mphuno, mapasa ena analimbirana chikwama mpaka chinatseguka. Kugwira mwana sakanatha, poti mpondagiya anali kunja. Anaima pakati pa bwalo manja ali m'mwamba, ndipo umu ndi mmene Ufumu wa Zachitikakale unapezera mlezi wake woyamba wosunga malamulo onse.

Msika utaweruka, amayi anatenga ana awo mmodzimmodzi. Anatsala Ziliro. Womutulutsa panalibe, choncho naye woyendera anatsala.

Anakwenda anayala chiguduli kunja kwa mpanda, pamalo pamene bango linali lotalikirana. Anamangirira supuni kunsungwi, n'kumadyetsa Ziliro phala kudzera pampatawo. Kopolo Dzoole anayang'ana nsungwiyo nthawi yaitali, milomo ikugwedera, kenako anagamula kuti nsungwi si dzanja. Ndi nsungwi yomweyo ankaperekeranso mbatata kwa Bambo Mkwapatira, amene ankadya atatembenukira kumtengo wa mango.

Koma nsungwi sisambitsa mwana, ndiponso sibereka kumsana. Ziliro ankalira atagwira bango, akuitana agogo amene ankawaona koma osawafikira. Analira choncho masiku angapo, amsika mpaka anazolowera. Kenako m'mawa wina analeka. Anagona pamphasa, supuni ikafika n'kutembenuza mutu.

"Wasiya kulira," anatero Bambo Mkwapatira, ndevu zitamera. "Ndiye kuti wazolowera dongosolo."

"Bambo," anatero Anakwenda, mawu awo aakulu aja atatsika, "mwana wolira ndiye ali bwino. Tamugwirani pachipumi mundiuze."

"Sindinasambe movomerezeka."

"Ndakupemphani, bambo."

Bambo Mkwapatira anayang'ana Kopolo. Kopolo anayang'ana manja awo. Pamenepo woyendera uja anapinda manja kumbuyo, anagwada m'fumbi ndi thalauza lake la suti, n'kugunditsa tsaya lake pachipumi cha mwanayo. Anakhala choncho kanthawi.

"Tsaya si dzanja," anatero Kopolo Dzoole, asanafunsidwe.

"Watentha," anatero Bambo Mkwapatira. "Mayi, watentha kwambiri. Chidole chija sichinkatero."

Uthenga unapita kulikulu pa kabaza, ndipo Bwalo la Nduna linakhalanso.

Nduna ya Ukhondo inati mpondagiya sangalowe mumpanda, chifukwa akalowa anthu adzaganiza kuti poyamba paja inalakwitsa. Nduna ya Chitetezo cha Ana inati itumiza woyendera wina akatenge woyambayo. Wina anaikumbutsa kuti nayenso ali ndi satifiketi, ndipo pakutha pa mwezi unduna wonse udzakhala uli mumpanda wa Anakwenda. Nduna ya Maphunziro a Alezi inati nkhaniyi ikufunika maphunziro apadera, ndipo inali itasankha kale hotela.

"Lamulo silibwerera," inatero Mfumu. "Dzina langa mukulidziwa. Koma m'dziko langa lonseli, palibe wololedwa kunyamula mwana ameneyo?"

Kumapeto kwa tebulo kunali Mlangizi wa Malamulo, nkhalamba imene ambiri ankaganiza kuti ikugona. Inatsegula diso limodzi.

"Alipo, Mfumu. Mwana mnzake. Malamulo onse atatu akuletsa mlezi. Mwana kunyamula mnzake, palibe choletsa."

"Mwana wa zaka zitatu angasambitse wodwala?"

"Malamulo sanatchule zaka, Mfumu. Mwana ndi amene inu mwamutcha mwana. Nanga si inu Tate wa Dziko?"

Mfumu inakonda yankho limeneli, makamaka kumapeto kwakeko. Nduna zonse zinaomba m'manja, iliyonse ikuyang'ana kumbali kuti isaonane ndi inzake.

Chigamulo chinafika pa Ndangodutsa masana, ndipo anachilengeza ndi Kopolo Dzoole, atakwera pa mtondo wozondotsa. Amsika anasiya mabenchi.

"Kuyambira lero, mwa chifundo cha Mfumu, Anakwenda ndi mwana."

Kenako wa makala anafunsa kuti akuti chiyani, ndipo atamuuza anakhala pansi.

"Ine?" anatero Anakwenda. "Wa zidzukulu?"

"Boma likudziwa, mayi." Kopolo anatsokomola. "Pepani. Boma likudziwa, iwe. Ungathe kulowa, kusewera ndi anzako, kuwanyamula, zonse. Koma mwana salowa kapena kutuluka mumkombaphala popanda kholo lomuperekeza."

"Makolo anga anagona kalekale."

"Ndiye papezeke wina."

Amake Tiyese anatuluka m'gulu, akuluma mlomo kuti asaseke. "Ndimulera ine. Akuoneka womvera."

"Iwe Feliya! Ndinakupukuta mamina ndi chitenje changa ine. Lero ukhale mayi anga?"

"Tiye, mwanawe, tichedwa kusukulu."

Msika wonse unagwa nako kuseka, ena mpaka kugwirana mapewa. Anakwenda sanaseke. Chichokereni kuchinamwali, palibe amene anawatchulapo kuti iwe; ngakhale malemu amuna awo, pokangana penipeni, ankati inu. Anaima pakati pa anthu amene theka lawo anawabereka kumsana, nkhope itauma. Anatchera khutu kumpanda, ndipo Ziliro sankamveka kulira.

Anamanganso chitenje, n'kupereka dzanja kwa amake Tiyese.

"Tiyeni, amayi."

Kuseka kunatha asanafike pachipata. Kopolo anachotsa ndodo. Anakwenda anamunyamula Ziliro, anamupukuta ndi madzi ofunda, anamumwetsa pang'onopang'ono, ndipo mlangizi wa zaumoyo atabwera anamuyeza mwanayo ali pamiyendo ya mwana mnzakeyo, n'kusiya mankhwala. Litapita sabata, Ziliro anali atayambanso kulira ndi mphamvu zake zonse, ndipo Bambo Mkwapatira anamveka akuti, "Eya, choncho."

Amake Ziliro atabwerako kuchipatala ndi khanda, woyendera uja anapukuta nsapato, anapana chikwama m'khwapa, n'kudikira kuti msika uweruke. Ana onse atapita analunjika pachipata. Ndodo inapingasa.

"Muli mwana m'katimu, bwana."

Bambo Mkwapatira anacheuka. Anakwenda anali pakhonde la nyumba yawo, akusankha nyemba.

M'mawa mwake Bambo Mkwapatira anaitanitsa amake Tiyese, n'kuwapempha kuti mwana wawo wamkuluyo akagoneko kwawo, ngakhale tsiku limodzi lokha.

"Ndayesa, bwana," anatero amake Tiyese. "Ameneyu ndi wamakani. Akuti kwawo ndi konkuno. Ana a masiku ano mukuwadziwa."

Choncho zinthu zinakhazikika. Anakwenda ankaphika phala, kuimbitsa ndi kugoneka anzawo. Akafuna kupita kutchalitchi kapena kumaliro, ankatuma munthu kukaitana amayi awo, ndipo ankapita nthawi imene mumpanda munali ana ena, motero woyendera sankapeza mpata wotuluka. Bambo Mkwapatira ankaima pakati pa bwalo manja ali m'mwamba. Ana ankawatcha kuti amtengo, ndipo ankapachika zipewa pa zigongono zawo.

Kenako linafika tsiku la sikelo. Mlangizi wa zaumoyo anapachika sikelo panthambi ya mango, n'kumaveka ana kabudula wa sikelo mmodzimmodzi. Iye anauzidwa kuti mwana aliyense akwere, osasiyapo. Atafika pa Anakwenda, anayang'ana kabudula, anayang'ana nthambi, kenako onse anagwirizana zopita kwa wogulitsa chimanga. Anakwenda anaimirira pasikelo ya matumba, amayi awo atawagwira dzanja kuti asaope.

Kulikulu anachita monga achitira nthawi zonse: anaphatikiza kulemera kwa ana onse a pa Ndangodutsa, n'kugawa ndi chiwerengero chawo. Zotsatira zake zinadabwitsa akatswiri. M'mwezi umodzi wokha, mwana wa pa Ndangodutsa anali atanenepa kuposa mwana wa kwina kulikonse muufumu wonse. Nduna zitatu zija iliyonse inati ndi zipatso za lamulo lake. Mfumu sinachedwe: inalamula kuti mlezi aliyense wopanda satifiketi, kuyambira kuphiri la Tionamawa mpaka la Sizikundikhudza, akhale mwana, ndipo mpanda uliwonse ulandire woyendera mmodzi woima pakati. Kunyentchera kunatha m'dziko lonse Lachisanu lisanafike.

Pa Tsiku la Ana chaka chimenecho, bwalo lalikulu la ku Bweranimawa linadzaza. Panali magule, panali ndakatulo, panali zolankhula zimene ana anagona nazo. Pomaliza anaitana mwana wathanzi kuposa onse muufumu kuti adzalandire mphatso kwa Mfumu. Anakwenda anakwera pansanja pang'onopang'ono chifukwa cha bondo, amake Tiyese atawagwira dzanja, Ziliro ali kumsana poti anakana kutsala.

Mfumu inawapatsa kope ndi pensulo. Inawasisita pamutu, pomwe panali imvi zotulukira m'mphepete mwa duku, n'kuweramira ku chimkuzamawu kuti dziko lonse limve.

"Wakula bwino, iwe. Tandiuza, ukadzakula ukufuna kudzakhala ndani?"

Anakwenda anagwada, anakankhira Ziliro m'mwamba pang'ono kumsana, n'kulandira kopelo ndi manja awiri.

"Mlezi, bambo."

"Zotheka," inatero Mfumu. "Ulimbikire sukulu."